Amalume a mnzanga mulibe m'lamulo la kampani

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Ngungu kuno ku Kabwe. Kwa zaka zambiri ndinkasoka matumba a ufa pa kampani ina yogaya chimanga, limodzi ndi mnzanga Dainess. Tonse makolo athu anachokera ku Katete, ndipo timaimba kwaya imodzi ku mpingo wa Reformed. Masana tinkagawana ndiwo kuseri kwa shedi, miseche ili pakamwa, kuseka mpaka kutsamwa.

Chaka chatha ndinayamba kosi ya kasamalidwe ka anthu apantchito, ija amati HR, ndipo abwana anandikweza kukhala wothandizira mu ofesi. Woyamba kululutira anali Dainess yemweyo.

Mwezi watha amalume ake anamwalira kumudzi. Anabwera kudzapempha tchuthi cha maliro, koma lamulo la kampani limangotchula bambo, mayi, mwana ndi wapabanja. Ndinamuwerengera momwe linalembedwera, poti kusukulu amatiuza kuti lamulo lisamaone nkhope. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, ba malume ndiye bananikulisa, unali kubaziba. Manje lelo uniuza ati si close family?" Anapita kumaliroko osatsanzika, ndipo tsopano akumuitanira kumlandu wojomba. Wokalemba zokambirana pamlandupo ndine.

Chibwerereni moni wake ndi "muli bwanji madam". Nkhomaliro ndimadyera ndekha patebulo, kuseka kwa anzanga akumatumba ndikukumvera pawindo. Ndamusowa Dainess, aphungu, mtima ukundiwawa. Kodi ndisiye kosiyi ndibwerere kumatumba?

T.B., Ngungu, Kabwe

Mayi T.B.,

Kumatumba musabwerereko. Mukachoka, pampandopo padzakhala wina wosadziwa n'komwe kuti kwa Achewa malume ndiye mwinimbumba. Kosiyo sinalakwe, kungoti inu munaimeza osatafuna. Kafunseni aphunzitsi anu, akakuuzani kuti wa HR amayeneranso kuuza abwana pamene lamulo likupweteka anthu.

Mawa lomwe kaonaneni ndi abwana anu. Mukawauze poyera kuti Dainess ndi mnzanu wapamtima, choncho zamlanduwo akalembe wina. Mukapemphe kuti masiku amene anajombawo achotsedwe pa tchuthi chake chapachaka. Njira imeneyi munayenera kumuonetsa tsiku lomwe lija, m'malo momuwerengera ndime. Mukatero, konzani maganizo oti lamulolo lizitchulanso munthu amene anakulera, kaya ndi malume, kaya ndi azakhali. Aliponso ena pakampanipo amene adzakuthokozeni.

Koma pali china chimene ndachifunafuna m'kalata yanu osachipeza. Mwandiuza za lamulo, za mlandu, za nkhomaliro, koma simunanene kuti munapita kunyumba kwake kukapepesa maliro. Amayi inu! Mnzanu wa kwaya aferedwe, inu n'kumangosuzumira pawindo? Umadamu umenewo mwadziveka nokha. Loweruka likubwerali mangani chitenje, mukakhale naye pansi, mukamufunse mmene amalume anadwalira ndi mmene mwambo unayendera. Chizungu cha mu ofesi mukachisiye panja pamodzi ndi nsapato.

Chenjerani ndi chimodzi: musakamulonjeze kuti mlandu utha bwino, pakuti ogamula si inu, ndipo zikakanika adzati munamunamiza. Mwina akakulandirani mozizira, mwinanso akakulalatirani. Khalanibe pomwepo, mumve zonse. Za ntchito yake agamula ndi abwana, koma za chinansi chanu palibe angakuyendereni, ndipo mwachedwa kale ndi mwezi wathunthu.