Chikuku Chanu Chikunyamula Matemba

Okondedwa bambo a Luka,

Landirani moni kumeneko ku Halale. Kuno tili bwino, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe. Luka wayamba kukhala pansi yekha.

Chikuku chokankhira mwana chija chinafika, pamodzi ndi malamulo anu akuti ndisamamubereke, ndisamamunyamule akangolira, poti adona amene mumawaphikira satero. Ndinamvera masiku anayi. Mwana analira mpaka kusasa mawu, bere akuyamwa monyinyirika, maso ali pa ine ngati ndamutaya.

Lachisanu ndinati ndipite naye kudoko la Kachulu. Mvula inali itagwa, ndipo makande a njira ija mukuwadziwa. Mawilo anatitimira, ine thukuta lili kamukamu, mwana akuphiriphitha m'katimo. Mayi wina woyanika nsomba anandifunsa kuti, "Kodi mwanayu ngwanu, kapena angokutumani naye?" Manyazi anandigwira. Ndinamutulutsa, n'kumusisita pamsana, n'kumuponya kumbuyo. Ndisanamange n'komwe nsalu, anali atatsamiritsa tsaya pakhosi panga, tulo!

Ndiye ndikuuzeni, za adona zisiyeni kwa adona konko. Wanuyu amayamwa bwino akamamva kutentha kwa thupi langa, amaseka ndikamamudzoza mafuta a nsatsi. Chikuku chanucho achimwene akunyamulira matemba, ndipo matembawo sakudandaula.

Ngati mukufuna kutumiza kanthu, tumizani nsalu yolimba yoberekera. Koma makamaka pemphani tchuthi mubwere. Malamulo anu afika kale kuno, koma manja anu Luka sakuwadziwa.

Mulungu akusungeni mpaka mudzamunyamule nokha.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a Luka