Maluwa a pamanda anu si amenewa

Amayi, kumene muliko mukudzukako bwanji?

Ine ndili ku Doha, dziko la Aluya, kwa mwana wanga Esinati, namwino uja. Ananditenga kuti madokotala aone miyendo yangayi. Tikukhala ku Al Mansoura, m'nyumba zosanjikizana, ndipo kunja kumatentha ngati ng'anjo ya njerwa. Esinati ali ndi khanda lalikazi, talitcha dzina lanu. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino.

Koma mtima wanga suli m'malo. Mwana wanu wotsiriza, Layisoni, akufuna kukumangirani chiliza mvula isanagwe. Watumiza chithunzi cha manda pafoni, ndipo Amayi, manda amenewo si anu.

Ndadziwira maluwa. Mukukumbuka muli yaya wolera ana kwa mzungu ku Zomba, mmene munkandisiyanitsira maluwa abuluu aja? Maluwa a mzungu, amene anathawa m'munda mwake n'kufalikira m'mbali mwa msewu, ali ndi masamba onenepa ngati malamba, ndipo maluwa ake amaunjikana pamutu pa phesi limodzi. Akutchire ndi onyozeka, kaphesi kowonda ngati udzu, kaduwa kalikonse konga kabelu kali pakokha. Munkati, "Awa ndiye athu, sanabwere pa sitima." Amenewo ndiwo ndinakazula kuphiri ndi dothi lake lomwe n'kudzala pamanda anu, ndipo chaka chilichonse ankamera okha. Pachithunzipo pali maluwa a mzungu. Amenewo anadzala ndi ana a mayi Nachisale, amene anagona kumanzere kwanu.

Ndamuimbira Layisoni. Akuti, "Achimwene, maluwa ndi maluwa, inu mwakalamba." Iyeyo, amene pa maliro anu anafika titafotsera kale! Esinati naye amangoti, "Khalasi, adadi, presha ya magazi ikwera." Ndaphunzira kuti mawu Achiluya amenewo ndi ondiuza kuti nditseke pakamwa.

Lamulungu kutchalitchi ku Abu Hamour sindinamve ulaliki. Ndinkangoona simenti ikuthiridwa pa munthu wa eni, dzina lanu pamwamba, inu muli pambali osadziwika. Chondiopsa n'chakuti kunja kukauma akutchirewo amafota osasiya chizindikiro, ndipo wodziwa pamene mwagona ndatsala ndekha.

Dokotala akuti ndisayende ulendo. Ndamuuza Esinati kuti mankhwala ndikamwera kumudzi. Ndikubwera, Amayi. Ndikakhala pamanda anu ndi ndodo yanga mpaka amisiri akumbe maziko pamene ndaloza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Faneti