Ndili kwa mayi a kuseli

Bambo a ana,

Mukadzuka musandidikire, kutchalitchi lero sindipita. Ndili kwa mayi a kuseli kwathuku. Inde, omwe aja ananamizira mwana wathu kuti waba foni, mpaka apolisi kudzamufunsa pakhonde pano. Akusamuka masana ano, ndipo akulongedza okha ndi dzanja limodzi, linalo lili mu pulasitala.

Ndimasita bulauzi yoti ndivale ku mgonero pamene ndinamva mbale zikusweka kwawoko. Chaka chathunthu ndakhala ndikulandira mkate ndi chikho, koma moni wawo osayankha. Lero zandikanika. Ndinawapeza atagwada, akutola zidutswa. Anati, "Mwabwera kudzandiseka?" Ine ndinati, "Ayi, ndabwera ndi makatoni." Sitinakambenso zambiri. Panopa ndangodzatenga tsache.

Musaganize kuti mtima wayera. Ukuwawabe, ndipo iwo sanapepese. Koma nanenso Ambuye sanadikire kuti ndiyambe ndapepesa. Mwana ndamuuza. Musamukakamize kubwera.

Pepani, malaya anu sindinasite, ndipo bulauzi ija ndaiwotcha. Tiyi ali mu fulasiki. Mukamwa, mubwere ndi sipanala, bedi lawo likukana kumasuka.

Ndine,
Mayi a ana