Chitini cha Ulusi Wofiira

Pa famu ya fodya,
kufupi ndi Sinoia, Rodeshiya.
18 Meyi 1952.

Okondedwa achemwali anga aClementina,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Nsanama, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja ukuwalola kufika kudimba? Nanga mwana wanga Lilian akudya, akusewera ndi anzake? Ine kuno malungo andisiya, madzi ndikukatunga ndekha. Thupi lili bwino, koma mtima ulibe pogwira.

Ndikhulupirira lamya ya maliro a amuna anga aElliam inafika kwa abale awo ku Balaka, ndipo inunso munamva. Inanena kuti anamwalira ndi m'mimba, chifukwa ndi zokhazo zimene tinkadziwa nthawi imeneyo. Tsopano ndadziwa chimene chinawapha, ndipo chinthu chomwecho chili pa njira, chikubwera kunyumba kwanu. Chonde, musaike kalatayi pansi musanafike kumapeto.

Mukumbukira munatidandaulira kuti chaka chatha makoswe anakutherani chimanga m'nkhokwe. Nkhani imeneyo inawasowetsa mtendere aElliam. Paja ndi njala ija inatichotsa kumudzi, ndipo iwo akangomva za nkhokwe yopanda kanthu, chakudya chinkawakanika. Anakapempha kwa kapitawo wa kudibi mankhwala aja osambitsira ng'ombe. Ndi ufa woyera mbee, wopanda fungo. Anthu kuno amausakaniza ndi madeya n'kutchera makoswe, ndipo amafadi. Tinaugawa pawiri, wina wathu, wina wanu.

Zosungiramo tinalibe zina koma zitini za tiyi za m'sitolo ya pafamu pano, ndipo zonse n'zofanana. Soda wophikira therere ndimasunganso m'chitini chotero. Kuti ndisasokoneze ndinamanga ulusi wofiira pa chitini cha mankhwala, n'kusomeka zonse ziwiri kudenga, pamwamba pa chitseko, poti ana a m'komboni sangafikire. Maganizo anga onse anali pa ana. Za munthu wamkulu wobwera kudzandithandiza sizinandifike m'mutu.

Malungo atandigwetsa kunabwera aZaina, mnansi wathu, kwawo ndi ku Liwonde konko. Chifikire ife kuno mayi ameneyu wakhala ngati m'bale wanga. Anasesa, anatunga madzi, kenaka anati aphikiretu kuti bambo akaweruka kumunda asapeze m'nyumba muli zii. Anandifunsa kumene ndimaika soda. Ine ndili gone pamphasa, mutu ukulemera, ndinangoloza kudenga. Akuti anatapa pang'ono monga tichitira tonse, koma therere silinafewe. Anayesa soda wa kuno ndi wosalimba poyerekeza ndi chidulo cha kwathu, ndiye anawonjezera, n'kuwonjezeranso. Iwo sanadye nawo, anathamangira kukaphikira ana awo.

AElliam anadya bwino ndithu, mpaka anandiseka kuti ndizidwala kawirikawiri kuti azidya za manja a aZaina. Anandinyengerera kuti ndilaweko, ine ndinakana chifukwa m'kamwa munali mowawa ndi kwinini. Malungo omwe ndinkawatukwana aja ndi amene andisiya ndi moyo. Dzuwa lisanalowe aElliam anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, akungolira ludzu. Mawa lake anawanyamula pa ngolo kupita nawo kuchipatala, koma anatsirizikira pa njira. Ine sindinathe ngakhale kuwaperekeza, ndipo kumanda anachita kundigwirira.

M'komboni munayamba manong'onong'o a ufiti. Koma nkhuku zimene zinatola zotsalira kuseri kwa nyumba zinafa zonse, ndipo nditapeza mphamvu n'kutsitsa zitini zija, cha soda chinali chodzaza, fumbi lili pa chivindikiro. Chotapidwa chinali cha ulusi wofiira. AZaina ulusiwo anauona, koma anayesa ndi chizindikiro chakuti chitini n'changa, monga timachitira ndi ziwiya tikamabwerekana pa ukwati. Chimvereni zimenezi sadya, amangobwera kudzakhala pakhomo panga. Ine ndilibe nawo mlandu. Mukadzamva anthu akuwanena kumeneko, muwatsutse.

Tsono mvetsetsani apa. Ndisanayambe kudwala, aUsumani a kutsidya kwa dambo lathu lija ananyamuka kubwerera kumudzi, ndipo tinawapatsira mtolo wanu. Anati aima kaye ku Limbe kwa achimwene awo, kenaka akwera sitima mpaka ku Balaka. Mumtolomo muli deresi la Lilian, sopo, mbewu za kudimba, mapiritsi a kwinini a amayi, ndi zitini ziwiri. China ndi soda, china, chomangidwanso ulusi wofiira, ndi mankhwala aja. Tanthauzo la ulusi ndinawauza pakamwa, koma anyamula mitolo ya mabanja ambiri, uliwonse ndi uthenga wake, ndipo mukuwadziwa aUsumani, amafunafuna chipewa chili kumutu. Ulusinso ukhoza kumasuka pa ulendo wautali chotere. Ndikupemphera kuti achimwene awo awachedwetse ku Limbeko, kalatayi iwapitirire.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Zitini zonse ziwiri musatsegule, musanunkhize, musalawe ndi kansonga ka lilime monga muchitira ndi mchere wa pamsika. Alamu akumbe dzenje lakuya, kutali ndi chitsime ndi dimba, azikwirire momwemo n'kuikapo mwala. Soda yemweyo apite nawo. Therere muziphikira chidulo cha zitsononkho monga kale, sichinaphepo munthu.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ndimakudziwani, achemwali. Inu chitini simutaya. Chija cha palafini munachikwecha ndi mchenga n'kusungiramo mchere, ife tikudya ndiwo zonunkha nyali mpaka mcherewo unatha. Ndikukuonani kale mukunena kuti ufawo utayidwe koma chitini n'chokongola, chingofunika kutsuka. Ndipo chikadzachita dzimbiri mudzapatsa ana akaphikire masanje, monga muchitira ndi zitini zonse. Pa masanje amene amakhala mayi wophika ndi Lilian. Iyayi, achemwali, ichi chokha ayi.

Za makoswe, tibwerere kwa amayi. Nkhokwe ikhale yokwera, imatidwe bwino, udzu wozungulira ulambulidwe, ndipo alamu asachite ulesi kutchera madiwa. Mukapemphe mwana wa mphaka kwa azakhali. Nandolo ndi khobwe ziume mpaka zizilira m'mano, muzisakanize ndi phulusa losefa, muthire mumtsuko n'kumata pakamwa pake ndi dothi, anankafumbwe sadzalowamo. Ngati nkhwani ndi chitambe zidakalipo, futsani tsopano dzuwa lidakali lamphamvu, ndipo musamange chikwatu mfutso usanaume kuti gwa, ungachite nkhungu ngati wa chaka chija. Zikwatuzo mupachike pofika utsi.

Kwinini wa amayi mumuike m'botolo lotsekeka, pamalo pakepake, osati pamene pamakhala mchere ndi nsinjiro. Mankhwala alionse, a kuchipatala kapena a zitsamba, asagone pamodzi ndi za mumphika. Ndipo musadalire ulusi kapena chizindikiro china chilichonse. Aliyense wogwira mthiko m'nyumba mwanu, ngakhale mlendo, mumugwire dzanja, mumusonyeze, mumuuze ndi pakamwa.

Mbewu zili m'timapepala ndi za mpiru ndi matimati. Anaumitsa okha aElliam, za pa kadimba kawo ka kuseri kwa nyumba kuno. Mufese pa nazale kudambo, muphimbe ndi udzu wopyapyala, muzithirira m'mawa. Zikabereka musadye zonse. Musiyeko zina zikhwime, njere zake musunge munsupa ndi phulusa, kuti ndikadzabwera ndidzapeze kanthu kawo kakumera kwathu. Kadimba kawo kuno kakuuma, ndikulephera kukayang'ana.

Ine ndibwera tikangometa maliro, ndikapeza anthu oyenda nawo. Koma mukakwirira zitinizo mundilembere ngakhale mzere umodzi. Kufikira yankho lanu litandipeza, mtima wanga sukhala pansi, ndipo ndikangoona munthu akuchokera ku ofesi ndi pepala m'manja ndimasiya zonse n'kumuthamangira.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asalire kwambiri, maso awo ndi ovuta kale. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse. Wina akamapita ku Balaka akapepese apongozi anga, awauze kuti mwana wawo tinamuika mwaulemu, ndipo anthu a kwathu onse a pafamu pano analipo.

Lilian mumuveke deresi lija. Analisankha okha bambo ake. Chichokereni kumudzi anali asanamuone, ndiye m'sitolo muja analiyeza pa thupi lawo, dzanja lili m'chiuno, akuti mwana wawo pano ayenera kuti akuwafika apa. Likakhala lalikulu musalidule, akula nalo. Zonse zili mumtolomo n'zochokera m'manja mwa bambo ake, mumulole azigwire. Zitini zokha asazione n'komwe. Ndaika kale mmodzi m'dothi lachilendo, achemwali. Amene wanditsalira ali m'manja mwanu.

Ndine mng'ono wanu wolira,
Sabina