Maungu a Apongozi m'Munda wa Boma

Lolemba, 6 Januwale 1958

Ndabwerako ku Fort Jameson, msana ukuwawa ndi njinga. Matope okhaokha kuyambira pa ofesi mpaka kuno ku Kasenengwa. Koma lero sindidandaula.

Kalata ya antchito ya mwezi uno yatuluka, ija amataipa Ezekiel kalaliki wathu. Zambiri ndi zomwe zija: uje wasamutsidwira ku Lundazi, uje wapuma ntchito, mkazi wa bwana uje wabereka. Athu akabereka salemba. Koma pansi penipeni pali kandime kakuti a ku yunivesite ya ku Halale atsegula maphunziro a chaka chimodzi a ife alangizi a zaulimi achikuda. Chigawo chathu chonse chapatsidwa malo amodzi. Wobwerako sadzakhalanso wonyamula chingwe ndi zikhomo ngati ine, adzakhala ndi tebulo lake mu ofesi.

Zaka zisanu ndi zinayi ndili pomwepa. Chibwerere Chitaganya cha maiko atatu chija, mipando yapamwamba ikungodzaza ndi anyamata achizungu ochokera kumwera, ena osatha kusiyanitsa mapira ndi chimanga. Ndipo a ku yunivesite akufuna munthu wosakwana zaka 35. Ine ndikwanitsa 35 mu Ogasiti. Khomo ili likatsekeka, lina kulibe.

Ezekiel wandinong'oneza kuti mayina ali awiri, langa ndi la Alfonsi wa ku Mtenguleni. Bwana Chingwe, amene timamutcha choncho chifukwa ngakhale mthunzi angaupime ndi chingwe, adzayendera minda yathu yachitsanzo pa 20. Akaona ndiye asankha.

Lachiwiri, 7 Januwale

Kalanga ine.

Milungu isanu sindinaponde m'munda wachitsanzo, ndinali kupima migula m'midzi ya kutsidya. Lero ndapita m'mawa ndikuimba nyimbo. Chimanga chili bwino ndithu, chobiriwira, chofika m'chiuno. Ndiye ndayang'ana pansi. Maungu! Mzere ndi mzere, ayanga kale, ena ayamba chiluwe.

Sindinafunse kuti wabzala ndani. Munda uja uli pa nthaka ya apongozi anga aKetilina. Anandipatsa okha chaka chimene ndinakwatira Zelipa, boma litasowa pobzala chitsanzo chake. Ine pano ndine mkamwini, ndilibe ngakhale chulu chimene ndinganene kuti nchanga.

Lamulo la Bwana Chingwe ndilidziwa ngati pemphero: chimanga chokha, m'mizere, pakati popanda kanthu. Zosakaniza amati ndi ulimi wa aulesi. Chaka chatha anamuzulitsa Alfonsi nyemba pamaso pa anthu.

Lachitatu, 8 Januwale

Ndamuuza Zelipa zonse, za Halale, za tebulo, za pa 20. Wamvetsera akusenda nsawawa. Ndati akawauze amayi ake kuti maungu aja sangakhale mmene muja. Wandiyang'ana ngati ndamutuma kukagwira njoka.

Ndikanakhala wokhoza kulankhula nawo ndekha. Koma zaka zisanu ndi zitatu ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo maso, chifukwa sitinalowane. Tikakumana m'njira iwo amapatukira mu udzu, nkugwada chopenya kumbali, nkuwomba m'manja pang'ono. Ine ndimavula chipewa nkudutsa nditawerama. Dzina langa sanalitchulepo, amati atate a Lena. Anzanga a ku boma amaseka, koma ine ulemu umenewo unkandikoma. M'mudzi muno, mmene anyamata a chipani cha Kongiresi amanditcha kapilikoni, wogulitsa anzake kwa azungu, chifukwa cha migula ya boma, munthu yekhayo wondigwadira ndi iwowo.

Lachinayi, 9 Januwale

Yankho labwera kudzera mwa Zelipa. Akuti atate a Lena asadandaule, maungu sakwera pa chimanga, amayenda pansi. Akuti anaona pakati pa mizere pali mbee, nthaka ikupsa ndi dzuwa, anamva chisoni kuti mkamwini wawo achita manyazi ndi munda wamaliseche. Ndiye anandithandiza.

Anandithandiza, eti.

Loweruka, 11 Januwale

Alfonsi anadutsa kuno akupita kukaona mlongo wake. Ndinamuonetsa. Anaseka mpaka anagwira mtengo. Akuti kodi iwe ndiwe mlangizi wa boma kapena wa apongozi? Kwa iye nchapafupi, sanakwatire, munda wake uli pa malo a sukulu. Koma wandiululira kuti chimanga chake chagwidwa ndi kaufiti, chachita chikasu mbali yonse ya kumunsi. Iye wataya kale mtima. Akuti malo a ku Halale aja ndi ako Fackson, ukangochotsa ndiwo za apongozizi.

Ndiye kuti pakati pa ine ndi Halale pali maungu basi. Ndakhala ndikuganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa.

Lolemba, 13 Januwale

Ndatumanso Zelipa. Ndati akanene kuti ndiwalimira dimba lonse ndekha mu Meyi, ndikawagulira mbewu ya maungu ya m'mapepala kwa amwenye. Ndimayesa ndalankhula mwanzeru.

Zelipa wabwerako maso ali ofiira. Akuti amayi anatulutsa nsupa yawo ija yakuda ndi utsi nkuigwedeza. Mulibe kanthu. Nthanga zonse anathira m'munda mwanga, chifukwa anaona kuti ndimo muli manyowa. Ndipo si nthanga wamba. Ndi za amayi awo, zimene anabwera nazo kuchokera kwawo pamene mudzi unasamutsidwa, maungu aja a khungu lolimba okhala mpaka Okutobala osawola. Njala ya '49 ndi amenewo anapulumutsa nyumba yawo. Za kwa amwenye akuti akadye amwenyewo.

Zelipa anati, "Inu, muwauze abwana anuwo zoona. Munda ndi wa eni ake."

Kumuuza Chingwe? Munthu amene ndikamalankhula naye amayang'ana wotchi? Adzati mlangizi wolephera kulangiza apongozi ake angakalangize ndani. Ndinamukalipira Zelipa kuti sadziwa za ntchito. Ndinalakwa, koma sindinapepese.

Lachitatu, 15 Januwale

Mvula tsiku lonse. Maungu akukondwa.

Lachinayi, 16 Januwale

Apongozi atumiza mbale ya nkhwani wotendera, woyamba chaka chino, wothyola m'munda momwemo. Mwezi uno ndiwo zavuta m'mudzi monse. Lena mwana wathu ananyambita mpaka zala. Inenso ndinadya, ndisaname, ndipo unakoma. Zimenezo ndiye zandipsetsa mtima kwambiri.

Ndayesa kuganiza zokweza maungu aja nkuwabisa kuseri kwa mizere. Zopusa. Chingwe amalowa mpaka pakati, amagwada nkupima.

Loweruka, 18 Januwale

Ndatulutsa jekete m'sutikesi kuti ione dzuwa. Njenjete zadya pa kolala. Ndinaiyang'ana jekete ija ndikuona moyo wanga wonse: ndidzakalamba ndikukhoma zikhomo m'minda ya anthu ondida, ndikuitana mwana wa zaka makumi awiri kuti bwana. Atate anagulitsa ng'ombe yawo imodzi yokhayo kuti ndifike Sitandade 6. Anagulitsira zimenezi?

Mawa onse apita ku tchalitchi.

Lamulungu, 19 Januwale

Ndachita.

Ndinati m'mimba mukundipota, iwo napita ku mapemphero, Zelipa ndi Lena patsogolo, apongozi pambuyo. Belu litangosiya kulira ndinatenga khasu. Koma khasu silinagwire ntchito, ndinaopa kudula mizu ya chimanga, ndiye ndinazula ndi manja. Dzungu likamazuka limalira ngati nsalu ikung'ambika. Ena anali ndi timaungu kale, tonga nkhonya ya mwana. Ndinakokera zonse kukhwawa nkuphimba ndi udzu, kenaka ndinasalaza mizere yonse bwinobwino. Manja akuyabwa mpaka tsopano.

Pobwera ku tchalitchi njira imadutsa m'mbali mwa munda. Ndinamva nyimbo ya amayi ikubwera, kenaka inangoduka.

Zelipa analowa m'nyumba, anavula mpango, anaupinda. Anakhala pamphasa. Ndinayamba kufotokoza kuti ndikabwerako ku Halale tidzakhala m'nyumba ya malata ku boma, amayi adzadya chimene afuna. Anangofunsa ngati m'mimba mwasiya kupota.

Lolemba, 20 Januwale

Anabwera cha m'ma 10 pa galimoto, Chingwe ndi mzungu wina wamagalasi wochokera ku yunivesite. Ine mu jekete, thukuta kamukamu. Chingwe anapima mizere isanu, yonse ndendende. Anamwetulira, chinthu chimene sindinachionepo. Anauza mnzake uja kuti m'chigawo chonse mulibe munda woyera ngati uwu, ndipo kuti kuno anthu ndi ouma mitu koma Fackson amawatha. Wamagalasi anandifunsa mafunso atatu m'Chingerezi, ndinayankha onse. Anandigwira chanza.

Mphindi makumi awiri, basi, anapita ku Mtenguleni. Palibe munthu wa m'mudzi anabwera kudzaonerera. Kale galimoto ikabwera ngakhale nkhalamba zimatuluka.

Ndiyenera kukondwa. Ndakhala pakhonde ndi jekete yanga ngati mlendo wodikira basi.

Lachitatu, 22 Januwale

Zelipa akuphika, akuchapa, akuyankha inde ndi iyayi. Madzi osamba ndikudzitungira.

Masana ndinadutsa cha kukhwawa ndipo ndinawaona apongozi. Anafukula mulu uja. Anakhala pansi, miyendo tambalale, akung'amba timaungu tija kamodzikamodzi ndi chala, kufuna nthanga yokhwima. Ndinabisala kuseri kwa mtengo ngati mbala. Ndine mlangizi, ndikudziwa kuti pa msinkhu umenewo mulibe nthanga, muli madzi okhaokha. Iwonso akudziwa. Koma anang'amba tonse mpaka kotsiriza.

Loweruka, 25 Januwale

Zelipa wazungulira midzi itatu kufunsa ngati alipo amene amayi anamugawirako nthanga zija kale. Mmodzi anali nazo, mbewa zinadya. Ena anasakaniza ndi mitundu ina.

Ndikangopita ku Halale. Chaka chimodzi nchachitali, anthu amaiwala. Ndikungodziuza zimenezo.

Lachinayi, 30 Januwale

Palibe nkhani. Lena wandifunsa chifukwa chake agogo sakutumizanso mbale.

Lolemba, 3 Febuluwale

Ku ofesi. Ezekiel atandiona anayamba kufunafuna chinthu m'dilowa chimene sichinasowe. Ndinadziwiratu. Anandipatsa kalata ya antchito osandiyang'ana.

Alfonsi. Anyamuka pa 1 Malichi.

Dzina langa lilimo, pamwamba penipeni, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Akuti ayamikira F. Sakala wa ku Kasenengwa chifukwa cha munda wachitsanzo woposa yonse. Ndinalowa kwa Chingwe osagogoda. Sanakwiye. Anandiuza mokoma, ngati akundipatsa mphatso, kuti Alfonsi ndiye wofunika sukulu chifukwa munda wake ndi wochititsa manyazi, koma ine ndikudziwa kale ntchito. Akuti angakhale wopusa kuchotsa munthu yekhayo amene anthu a ku Kasenengwa amamumvera, makamaka masiku ano a Kongiresi. Ndinatchula za zaka 35. Anati pepani, nayang'ana wotchi.

Potuluka anandiitananso. Akuti poti munda wayenda bwino, chaka chamawa aukuza kawiri. Wandipatsa pepala loti mwini nthaka adindepo chala.

Alfonsi ndinakumana naye pa msika. Anafuna kundigulira tiyi. Anati sanapemphe, ndipo ndikumukhulupirira. Ndinakana tiyiyo. Njira yonse yobwerera ndinakankha njinga, mphamvu yopalasa ndinalibe.

Zelipa ndamuuza. Ndimayesa aseka kapena anena kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Ndiye mukhala konkuno." Anatenga mtsuko napita kumadzi.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

M'mawa ndimapita kutsidya kukapima migula, pepala la Chingwe lili m'thumba la malaya. Pa kanjira kopapatiza ka kudambo ndinaona apongozi akubwera, mtolo wa nkhuni pamutu. Ndinatsika panjinga, ndinavula chipewa, ndinawerama monga mwa masiku onse, kudikira kuti ndimve udzu ukuphwanyika pamene akupatuka.

Udzu sunaphwanyike. Mapazi anangobwerabe mpaka ndinawaona pafupi ndi tayala, ong'ambika zidendene, ali ndi matope. Ndinadzutsa mutu. Amandiyang'ana m'maso. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere.

"Iwe Fackson, patuka. Ndalemedwa."

Ndinakokera njinga mu udzu. Anadutsa osafulumira, nkhuni zikukhudza phewa langa. Mame anandinyowetsa mpaka m'mawondo. Ndinaima momwemo, chipewa kumanja, mpaka anakhota pa chulu.