Mwala wa mu impso yanga

Lolemba, 3 Juni

Ndabwerako kuchipatala. Kuwawa kwa m'chiuno kuja akuti ndi mwala, uli mu impso yakumanzere. Adokotala anandionetsa pa chithunzi, ine sindinaonepo kanthu, mitambo yokhayokha. Akuti miyala ilipo yamitundumitundu, wangawu ndi wa mtundu umene umatha kusungunuka. Andipatsa timapaketi ta ufa woyera, ndizisungunula m'madzi n'kumwa, komanso madzi ambiri tsiku lonse. Mwezi ukatha akajambulanso. Ukakhala ulipobe, mpeni.

Madzulo Chisamba wanga anaimba. Anati, "Ababa, akanena za opaleshoni nditenga tchuthi, ndibwera." Chiikireni mayi ake m'manda sanapondeko kuno. Ntchito, ndiponso n'kutali, basi ya tsiku lathunthu. Sindimuda.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndathira ufa uja m'kakapu kanga kakang'ono. Wina wasungunuka, wina wangokhala pansi ngati mchenga. Ndamwa zapamwamba, nsenga ndataya.

Mwala n'kusungunuka? Ine ndakalamba ndi burashi m'manja, kupaka laimu nyumba za anthu. Laimu umamutakasa mpaka mkono kuwawa, ukangopita kokodza, pobwera wadikha pansi, madzi ali mbee pamwamba. Nanga mwala?

Lachinayi, 6 Juni

Ndinapita kusitolo ya mankhwala kukadandaula kuti ufawu ndi wokhalitsa. Mtsikana wa pakauntala anafunsa kukula kwa kapu, ndinamuonetsa ndi zala. Anaseka mpaka kugwira pakamwa.

"Agogo, madzi nawonso amakhuta."

Anandifotokozera mwaulemu ndithu, ngakhale kumbuyo kwanga kunali mzere. Ndilembe ndisanaiwale. Akuti madzi ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tosakhazikika. Tikapeza kambulu ka ufa timakazungulira, n'kumabenthula pang'onopang'ono, kachidutswa kalikonse n'kukanyamula pakati pawo. Onyamula akatha, katundu amatsala pansi. Kutakasa n'kubweretsa onyamula ena amene manja awo ali opanda kanthu. Madzi akafunda, amathamanga.

Ndinati nanga laimu. Anati laimu madzi amangotengako pang'ono, wotsalayo amangoyandama, ndiye chifukwa chake amadikha. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo.

Ndikutuluka anati, "Tambula yaikulu, agogo. Mwala wanuwo ukufuna onyamula ambiri."

Ndayankhula ndi munthu nthawi yaitali lero kuposa sabata yonse yatha.

Lachisanu, 7 Juni

Ndayesa ndekha. Tambula ya madzi, mchere supuni imodzi, kutakasa, watha. Ina, watha. Ndinapitiriza mpaka madzi anakana. Ndinatakasa mpaka kutopa, mchere uli phee pansi. Ndinawafunditsa pa mbaula, unatsalabe wambiri. Koma shuga m'madzi otentha, eee, amangolowa ngati alibe malire. Ndiye chilichonse chili ndi muyeso wake.

Amake mapasa, a nyumba yoyandikana nayo, ogulitsa makala, anasuzumira pazenera.

"Madala, mwayamba using'anga? Mchere wonsewo mukufuna kukhwimira ndani?"

Ndinati ndikuphunzira sayansi. Anati, "Pa msinkhu umenewo? Mayeso mukalembera kumanda."

Madzi amchere aja ndathira m'kambale, ndaika pazenera. Kutaya ndinaona chisoni.

Lamlungu, 9 Juni

Foni ili duu. Mpando wa malemu ndaupukuta, sindikudziwa chifukwa chake.

Lolemba, 10 Juni

Pali ganizo limene landibwerera dzulo ndipo silikuchoka. Mwala ukasungunuka, adokotala adzati mwachira, pitani. Chisamba adzati tithokoze Mulungu, pa foni. Basi. Koma ukakhalapo, adzabwera. Adzagona m'chipinda chake chija, adzandikalipira za fumbi la pakabati, m'nyumba muno mudzamveka mapazi a munthu wina.

Lero sindinamwe ufa. Madzi, kapu imodzi ya tiyi yokha.

Lachitatu, 12 Juni

Chisamba anaimba, mofulumira, ali pa ntchito. "Mukumwa mankhwala, ababa?" Ndinati eya. Mawu amodzi okhawo, koma bodza.

Lachisanu, 14 Juni

Kambale ka pazenera kauma. Mchere wabwerera! Osati waufa ngati poyamba, koma timiyala tonyezimira, tamakona anayi, tina tokwerana. Ndinalawa, ndi womwewo. Ndiye sunapite kulikonse, unangonyamulidwa. Onyamula atachoka ndi dzuwa, unagwirananso.

Ndinakhala pansi ndi kambaleko pamiyendo. Ndi zimenezi zikuchitika m'kati mwangamu. Mkodzo wanga wafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndikudziwa. Ufa sindinamwebe.

Loweruka, 15 Juni

Ululu. Kuchokera m'chiuno kutsikira kuchinena, ngati munthu akupotokola waya. Ndinasanza. Ndinagwada pakhonde nditagwira mzati, ndiye mmene anandipezera amake mapasa, manja ali bii ndi makala.

Anandilowetsa m'nyumba. Pofunafuna kapu m'kabati anapeza timapaketi tija, tosatsegula. Anatiyala patebulo ngati makadi.

Kenako anati, "Madala, mwalawu mukuuweta? Udzakuikirani mazira?"

Ndinati ufawo umandinyansa. Anati bodza, munthu amene anamwa fungo la penti moyo wake wonse sanganyansidwe ndi ufa. Anandiyang'anitsitsa, n'kuyang'ana chithunzi cha Chisamba pakhoma. Mayi ameneyu sukulu anapitako pang'ono ngati ine ndemwe, koma maso ake!

"Mukufuna mwana abwere adzaone bambo ake, kapena adzaone bala?"

Anati akundipatsa mpaka mawa, ndikapanda kumuuza ndekha amuuza iwo, ndipo iwo akamanena sathira shuga.

Anandimwetsa madzi tambula ziwiri ataimirira pamutu panga. Ululu unachepa chakumadzulo. Anati Lolemba tikwera limodzi kuchipatala, zokana ayi.

Lamlungu, 16 Juni

M'mawa wonse ndinangozungulira foni ngati galu pa mphika wotentha. Ndinasesa, ndinachapa malaya amene anali oyera kale. Amake mapasa akudutsa anangokweza nsidze.

Masana ndinaimba. Ndinanena zonse, mosakometsa. Kuti sabata yathunthu sindinamwe, kuti Lachitatu ndinamunamiza, ndi chifukwa chake. Pa chifukwapo mawu anandithawa, ndinachita kubwereza.

Ndinachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana. Ndinayesa foni yaduka.

Kenako anati, "Ababa, mukanafa?" Analira, anakalipa, anati ndine mwana, anati kodi iye ndi mwala woti sangamve ndikangoti ndakusowa. Ndinangoti pepa mwanawe.

Mwezi uno sangathe kubwera. Anandiuza mosabisa, abwana sangalole popanda kalata ya chipatala. Mwina Ogasiti. Mtima unagwa, koma ndinati ndamva.

Ndiye anati, "Ufa uli pafupi? Tengani tambula yaikulu. Sindidula."

Ndinaika foni patebulo. Ndinang'amba kapaketi ndi mano, n'kuthira madzi ofunda a m'ketulo.

"Takasani ndimve supuni ikulira."

Ndinatakasa. Ufa unazungulira, madzi anachita mbuu, kenako anayamba kuyera mpaka ndinaona maluwa a nsalu ya patebulo kupyola pansi pa tambula. Ndinati watha. Anati imwani, mawa nthawi ngati yomwe ino muimbenso.

Ndikumwa, ndinamva ku foniko kasupuni kena kakugunda m'kapu, ngwe ngwe ngwe. Ndinafunsa kuti uli ndi alendo?

Anati, "Ayi ababa, ndi tiyi wanga. Ndili ndekha."