Chishalo cha a kapitawo

Lachinayi, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, koma ine mtima wafunda.

A kapitawo aja anachotsa mkazi wanga ntchito yothyola tiyi abwera pomwe ndimakonzera njinga. Anyamula chishalo chatsopano chomwe mwana wawo watumiza kuchokera ku Joni, chamabowo ngati chisa cha njuchi. Akuti chinachita kusindikizidwa ndi makina.

"Iwe, undimangire bwino," atero osapereka ndi moni womwe. "Chakalechi chimandipweteka."

Ndamanga ndithu, koma kutsogolo kwake ndakudzutsa pang'ono, mwakuti diso silingaone.

Chakumadzulo ndawaona akuchokera ku Goliati akukankha njinga, akuyenda motang'adza ngati bakha. Ndawafunsa mwaulemu ngati chishalo chili bwino.

"Ncha kunja ichi, sichingalakwe," ayankha akuluma mano. "Thupi langa ndiye silinazolowere."

Ndawalangiza kuti azikwera tsiku lililonse, makamaka m'misewu yamiyala.

Mkazi wanga sanaseke nditamuuza. Akuti mawa ndikachitsitse, munthu angavulale. Ndamukumbutsa kuti iye analira sabata yathunthu atachotsedwa ntchito. A kapitawo angoyamba lero, ndiye kwatsala masiku asanu ndi limodzi…